Kachipangizo kamodzi kakasowa, ntchito yonse imaima

Resistor ya mtundu wa 0603 ndi yaing'ono kuposa njere ya mpunga: mamilimita 1.6 m'litali, 0.8 m'lifupi. Ikagwa pansi, ingoiwalani. Koma ikasowa tsiku lowotcherera zipangizo pa bolodi, gulu lonse limakhala manja lende. Sabata ino ndikulankhula nanu amene mwayamba kupanga zinthu zamagetsi muli atatu kapena asanu, kaya ndi tizida ta sola kapena tamakina toyezera madzi m'thanki.

Magulu ambiri amayamba ndi Excel kapena Google Sheets, ndipo sindikuwanyoza. Mavuto amabwera tizipangizo tikachuluka. Wina walemba "capacitor 100nF", mnzake walemba "0.1uF", chonsecho ndi chinthu chimodzi. Ma capacitor ang'onoang'ono a ceramic salembedwa kalikonse pamwamba, ndiye akachoka m'kapepala kawo, simungawasiyanitse ndi maso. Kenako mumapezeka mwagula kawiri zomwe muli nazo kale, pomwe chomwe chatha simunachione.

Kwa ife kuno, zimenezi zimapweteka kwambiri. Injiniya wa ku America akaitanitsa katundu ku Digi-Key kapena Mouser, amamufika m'masiku ochepa. Ifeyo timadikira phukusi lochokera ku LCSC ku Shenzhen, titasakasaka kaye ndalama zakunja, ndipo mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa kachipangizoko. Mu 2021, ma chip atasowa padziko lonse, ngakhale mafakitale a galimoto anaimitsa ntchito, ndipo ena ankauzidwa kuti adikire chaka chathunthu.

Mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi alipo, ena ngaulere. Amene ndimawatchula kawirikawiri ndi InvenTree ndi Part-DB. Onse awiri mumawaika pa kompyuta yanu, ngakhale pa ka Raspberry Pi, ndipo aliyense m'gulu amalowamo kudzera pa browser. Kachipangizo kalikonse kamalembedwa ndi nambala yake yeniyeni yochokera kwa wopanga, malo omwe kali, kuchuluka kwake, komwe munagula ndi mtengo. Mumaikanso malire oti tikatsala tochepa, pulogalamu ikuchenjezeni.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa InvenTree n'chakuti mukaipatsa BOM, kutanthauza mndandanda wa zonse zofunika pa bolodi imodzi, imakuuzani mabolodi angati omwe mungapange ndi zomwe zili m'mabokosi panopa. Tiyerekeze kuti kasitomala akufuna 20. Musanamulonjeze tsiku, mwaona kale kuti regulator ikukwanira 13 basi. Ili ndi app ya pafoni yojambulira QR code yomwe mwamata pa kabokosi, choncho wotenga zinthu sachita kupita pa laputopu kukalemba.

Part-DB ndi yopepukirako, ndipo imalumikizana ndi KiCad, pulogalamu yaulere yojambulira mabolodi, kuyambira pa KiCad 8. Ndiye kuti pojambula mumasankha pa zomwe zili kale mu kaundula wanu. Mukamva za PartKeepr, dziwani kuti inatchuka kale koma ntchito yoikonza inazilala. Part-DB imatha kulandira zomwe munasunga mmenemo.

Palinso PartsBox, yomwe imakhala pa intaneti ndipo simuvutika kuiika. Kwa ongoseweretsa ndi yaulere, koma kampani imalipira. Poganizira za bandulo ndi madola, ine ndingayambe ndi zoika ndekha.

Ndinene mosabisa: pulogalamu siidziwa kuti Lachisanu usiku wina anatenga ma LED khumi n'kupita kwawo. Gulu la anthu anayi lilibe wosunga katundu, aliyense amangopisa dzanja. Choncho posankha, musatengeke ndi kuchuluka kwa zomwe pulogalamu imachita. Yesani kuchotsa kachipangizo kamodzi mu kaundula, muone ngati zikutenga masekondi kapena mphindi. Zikatalika, anzanu aja sadzalemba, ndipo pakatha miyezi iwiri manambala onse adzakhala abodza.

Musayambenso ndi kuwerenga ma resistor limodzilimodzi. Mpukutu umodzi wa 0603 umakhala ndi 5,000. Lembani moyerekeza. Kuwerenga kwenikweni kusungireni zodula ndi zovuta kupeza, monga ma microcontroller, ma sensor ndi ma connector. Ndipo ngati kaundula ali pa Raspberry Pi, muzikopera zonse pa flash kapena pa intaneti sabata iliyonse, chifukwa memory card imatha kuwonongeka magetsi akazima mwadzidzidzi.