ZA UMOYO M'BANJA: Chipsera Chotupa Sichifuna Lumo

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa Chigwirizano kudzatidandaulira kuti mwana wake wamkazi waleka kuimba kwaya. Mtsikanayo anaboola makutu ali ndi zaka 15, ndipo patapita miyezi ingapo kuseri kwa khutu kunatuluka chotupa cholimba, chosalala, chonyerenyetsa. Amalume ake anachidula ndi lumo. Chinameranso, chachikulu kuposa kale, ndipo lero mwanayo satuluka m'nyumba wopanda duku.

Madokotala amachitcha keloid. Bala likamapola, thupi limaluka mnofu wotseka pabalapo, ndipo pakatsekeka limaleka. Koma mwa anthu ena silileka ai. Limangolukabe kufikira chipsera chitapitirira malire a bala. Izi zimaoneka kaŵirikaŵiri mwa ife akhungu lakuda, makamaka a zaka 10 mpaka 30, ndipo zimatsata kumtundu. Chimakonda khutu, chifuwa, mapewa ndi chibwano cha anyamata ometa ndevu. Si khansa, sichipatsirana, ndipo palibe amene wamlodza mwanayo.

Tsono apa mvetsetsani, makolo. Popeza gwero lake ndi bala, kuchidula, kuchimanga ndi ulusi kapena kuchitemera mphini ndiko kuchipatsa bala latsopano loti chikulirepo. Ngakhale dokotala amene, akangodula osaonjezapo chithandizo china, zipsera zambiri zimameranso. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba ndi jekeseni wa mankhwala otchedwa triamcinolone, wobaya m'chipsera momwemo pakapita milungu 4 mpaka 6. Amaŵaŵa, sitikubisirani, ndipo ulendo umodzi sukwanira. Koma kunyerenyetsa kumachepa, chipsera nichifewa ndi kuphwa pang'onopang'ono. Kulinso timapepala ta silikoni timene amamata pachipsera tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Chikakula kwambiri ndi pamene amachidula, natsatiza jekeseni uja, ndolo zopanikiza khutu, kapena cheza champhamvu cha makina kumene makinawo alipo.

Inu achinyamata, ngati kwanu alipo wa chipsera chotere, lekani kuboola makutu ndi kudinda zithunzi pakhungu, ndiponso musamafinye ziphuphu. Mukamakachitidwa opaleshoni, uziranitu dokotala.

Mayi uja tinamlangiza kuti apite naye mwanayo kuchipatala, osati kwa amalume. Anzake a kwaya tawapempha kuti akamtenge Loŵeruka likudzali, duku lake lili kumutu komweko.