Ma type a laibulale: asunge ndani, mwini wake kapena anthu odzipereka?

Mu Epulo 2022, olemba mapulogalamu ambiri ogwiritsa ntchito React pamodzi ndi TypeScript anapeza code yawo itadzaza mizere yofiira, pomwe iwo sanaikhudze. Chinasintha ndi kaphukusi kotchedwa @types/react, kamene kanafika pa version 18 potsatira React 18. M'mbuyomo, component iliyonse yolembedwa ngati React.FC inkatengedwa kuti imalandira children, kaya mwini wake wanena kapena ayi. Osamalira kaphukusiko anachotsa zimenezi chifukwa sizinali zoona, ndipo sanalakwe. Komabe anthu ambiri anataya tsiku akukonza zomwe dzulo lake zinkayenda bwinobwino.

JavaScript payokha siinena kuti function yakutiyakuti imafuna nambala kapena mawu. Wolemba amadziwa pokhapokha pulogalamu ikagwa. TypeScript, imene Microsoft inatulutsa mu 2012 motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, imagwira zolakwika zotere pulogalamu isanayambe n'komwe. Koma laibulale ikakhala ya JavaScript yokhayokha, TypeScript imafuna fayilo ya .d.ts yofotokoza zimene function iliyonse imalandira ndi zimene imabweza. Fayiloyi ilibe code yogwira ntchito. Ili ngati zolemba za pa botolo la mankhwala: zikanama, ngozi yake imaposa ya botolo losalembedwa, chifukwa womwa amamwa osakayika.

Nanga zolembazi alembe ndani?

Yankho loyamba linachokera kwa anthu odzipereka. Mu 2012 momwemo Boris Yankov anayambitsa DefinitelyTyped pa GitHub, ndipo kuyambira pa TypeScript 2.0 mu 2016, mafayilowa amatuluka pa npm ndi dzina loyamba ndi @types. Lero muli maphukusi masauzande. Ndimaiona ngati ntchito yofunika kuilemekeza kwambiri. Popanda iyo, wogwiritsa ntchito Express, lodash kapena Node.js bwenzi akulemba yekha ma type, kapena akuisiya TypeScript. Ngakhale React yeniyeniyo, a Meta anailemba ndi Flow osati TypeScript, choncho ma type ake a TypeScript amakhala kunja kwa nyumba. Ku Python nkhani ndi yomweyi: kuli typeshed ndi mafayilo ake a .pyi, komwe kumachokera maphukusi ngati types-requests. Komanso DefinitelyTyped ili ndi mwambo wake. Wosintha kanthu amaikapo ma test, bot imaitana osamalira kaphukusiko kuti aone, ndipo ma type ayenera kuyenda pa ma version a TypeScript a zaka ziwiri zapitazi. Malaibulale ambiri paokha sangausunge mwambo wotere.

Vuto ndi lakuti wolemba ma type ndi wina, wosintha code ndi winanso. Mwini laibulale akatulutsa function yatsopano lero, ma type amatsalira mpaka wina atapeza mpata. Wosamalira kaphukusi akasintha ntchito n'kusiya kugwiritsa ntchito laibulaleyo, dzina lake limatsala pamenepo koma mwini wake kulibe. Ena amalemba ma type potengera zimene zolemba zofotokoza laibulale zikunena, pomwe code ikuchita zina. Povuta, wotopa amangoikapo any, mizere yofiira n'kuzimiririka, chitetezo n'kupita nayo limodzi. Palinso kanthu kamene ambiri amakadziwa atapsa kale: pa @types, manambala awiri oyamba a version amatsatira laibulale, lachitatu lokha ndilo la ma type. Ndiye kukonza kumene kungagwetse build ya munthu kumatha kubwera ngati kasinthidwe kakang'ono kosaopsa.

N'chifukwa chake ine ndimapendekera ku mbali yakuti ma type azikhala m'nyumba imodzi ndi code. Vue 3, imene inatuluka mu 2020, inalembedwanso mu TypeScript, ndipo ma type ake amachokera mu code yeniyeniyo. Kuti ziwirizi zisiyane n'kovuta. Ku Python, PEP 561 inatsegula njira yomweyi kudzera mu kafayilo ka py.typed. Wosintha function ndiye akudziwa chimene wasintha, ndipo version imodzi imanyamula zonse.

Koma sindingauze mwini laibulale aliyense kuti asenze katunduyu mokakamizidwa. Ambiri amagwira ntchitoyi usiku, popanda malipiro, ndipo ma type a laibulale amavuta kuposa a pulogalamu wamba: ma generic olukanalukana, ma overload, zinthu zimene zimam'tengera maola munthu amene ankangofuna kukonza bug. Mu 2023 David Heinemeier Hansson anachotsa TypeScript mu Turbo 8 ponena kuti inkamuipitsira code, ndipo mkangano unabuka waukulu. Sindigwirizana ndi mmene anachitira, chifukwa amene ankadalira ma typewo anasiyidwa padzuwa, koma vuto limene anatchulalo n'loona. Chaka chomwecho a Svelte, motsogozedwa ndi Rich Harris, anachita zimene ndimaona kuti n'zanzeru: code ya laibulale anaibwezera ku JavaScript, ma type n'kuwalemba m'ma comment a JSDoc, ndipo wogwiritsa ntchito amalandirabe mafayilo a .d.ts. Goli analipeputsa osalitaya.

Tisanyengeke kuti kusamutsa fayilo kokha kumachiritsa. Fayilo ya .d.ts yolembedwa pamanja, yoikidwa mkati mwa laibulale ndi munthu amene sailabadira ndiponso saiyesa, imanama mofanana ndi yakunja, mwinanso kuposa, poti kumeneko kulibe bot yoitana aliyense. Laibulale yotereyi kuli bwino ma type ake atsale ku DefinitelyTyped kufikira atapezeka wowasamalira.

Ndikaiganiziranso nkhani ya React ija, ndimaona kuti anthu a kunja kwa nyumba anachita zimene eni nyumba ambiri amalephera. Bodza la children analidziwa kale, koma sanalichotse mwakachetechete pa nambala yachitatu ija. Anadikira kuti React ifike pa 18, nthawi imene aliyense amayembekezera zosintha zazikulu, ndipo panatulukanso chida chotchedwa types-react-codemod chothandiza anthu kukonza code yawo popanda kutsegula fayilo imodziimodzi.