Kampani muiyeze ndi zomwe imakugulitsani

Mwaziwonapo zithunzi zija m'nyuzipepala. Bwana wa kampani wavala suti, wagwira mbali imodzi ya cheke chachikulu ngati chitseko, mbali inayo wagwira mkulu wa chipatala, onse akumwetulira. Pansi pake alemba kuti kampaniyo yapereka mabedi, mabulangete kapena matumba a ufa pofuna kuthandiza anthu a m'dera lomwe imachitiramo malonda.

Sindikunyoza mphatso. Mayi amene wagona pabedi m'malo mogona pasimenti m'chipinda chodikirira sangakuuzeni kuti bedilo n'lopanda ntchito. Koma mphatso imabwera tsiku limodzi, atolankhani n'kujambula, galimoto n'kubwerera kutauni. Chomwe chimalowa m'nyumba mwanu tsiku ndi tsiku ndi katundu amene makampani amagulitsa: shuga wa m'phala la mwana, mchere wa m'ndiwo, mafuta ophikira, komanso kajumbo komwe mwanyamuliramo zonsezo kuchokera kumsika. Ngati mukufuna kudziwa kampani yomwe ikusamaladi za moyo wa mwana wanu, yang'anani katundu ameneyu.

Tiyambe ndi nkhani yomwe idayenda bwino.

M'chaka cha 2001, kafukufuku wa m'dziko lonse lino adapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 aliwonse adali operewera vitamini A m'thupi. Alangizi a zaumoyo omwe adagwira ntchito m'zaka zimenezo akudziwa tanthauzo la nambala imeneyi. Mwana woperewera vitamini A saona bwino kukayamba kuda, maso ake amauma mwinanso kuchita khungu, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamugwira zimamufoola msanga kuposa anzake chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake n'chochepa. Pofika 2009 nambalayo idatsika kufika pa 22, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 4 okha mwa 100 aliwonse.

Sindinganame kuti ndi makampani okha adachita zimenezi. Ambiri mwa inu mwakhala mukudonthezera ana vitamini A m'kamwa kusikelo ndi pa sabata ya thanzi la ana. Mbatata yofiira m'kati idafika m'minda yambiri. Koma pali mbali ina yomwe idachitikira m'fakitale. M'chaka cha 2012 kampani ya Illovo, yomwe imapanga shuga ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, idayamba kuthira vitamini A mu shuga wogulitsa m'dziko muno. Nzeruyi si yachilendo: dziko la Guatemala lidayamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo anzathu a ku Zambia adayamba mu 1998. Lero malamulo a dziko lino amalamula kuti shuga ndi mafuta ophikira zikhale ndi vitamini A, mchere ukhale ndi ayodini, ndipo ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uthiridwe ayironi, zinki ndi mavitamini ena. Loyang'anira kuti zimenezi zikutsatidwa ndi bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards.

Mwina mukufunsa kuti bwanji adasankha shuga pomwe chakudya chathu chenicheni ndi nsima. Yankho lagona pa momwe malondawo amayendera. Shuga wa dziko lonse amachokera m'mafakitale owerengeka ndi zala, choncho mukathira vitamini pamalo ochepawo mwafikira mabanja kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, popanda kuyitanitsa msonkhano kapena kunyengerera munthu kuti asinthe kadyedwe kake. Chimanga n'chosiyana. Ambiri timalima tokha n'kukagayitsa kuchigayo cha pamudzi, ndipo ufa umenewo sudutsa m'fakitale iliyonse. Ndiye musadabwe kuti lamulo la ufa likupindulira kwambiri a m'tauni ogula ufa wa m'mapaketi kusiyana ndi a kumudzi.

Imeneyi ndiyo mphamvu yomwe kampani ili nayo, ndipo palibe bungwe lachifundo lingafanane nayo. Galimoto zake zimafika pagolosale iliyonse chaka chonse, mvula kaya dzuwa, chifukwa phindu lake lili pomwepo. Kanthu kabwino kakakwera nawo galimoto imeneyo, kamafika kutali. Onani za mchere: achikulire akukumbukira momwe chithokomiro chidali chofala m'madera ena, makamaka a kumapiri, pomwe ana a masiku ano ambiri sadachiwonepo. Ayodini yemweyo ndi wofunikira kuti ubongo wa mwana ukule bwino akadali m'mimba mwa mayi ake.

Pano ndiyime kaye, chifukwa ndidamvapo mayi wina kusikelo akuuza mnzake kuti azithira shuga wambiri m'phala popeza muli vitamini. Ayi, mayi. Shuga ndi shuga basi. Akachuluka amaboola mano a mwana, amanenepetsa mosayenera, ndipo kunenepa kumeneko kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi munthu akakula. Vitamini adamuyika mu shuga yemwe mumadya kale, osati kuti muwonjezere masipuni. Ndipo musayiwale kuti wopanga shuga amasangalala mukamagula wambiri, n'chifukwa chake uphungu wa kuchuluka kwake muzikautenga kwa mlangizi wa zaumoyo, osati pa chikwangwani chotsatsa malonda. Chisoso, bonongwe, nkhwani, maungu, mango, mapapaya, mazira ndi chiwindi zikadali pamalo pake, ndipo shuga sangachotse kupinimbira komwe kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza mwa ana 37 mwa 100 aliwonse.

Tsopano tione kajumbo kaja komwe mwanyamuliramo shugayo.

M'chaka cha 2015 boma lidaletsa kupanga, kuyitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala, aja ong'ambika mukangowagwiritsa ntchito kamodzi. Makampani opanga mapulasitiki adathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ati lamulolo lipha malonda awo ndipo anthu ambiri awachotsa ntchito. Mlanduwo udayenda mpaka mu July 2019 pomwe bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti boma silidalakwe. Mmodzi mwa omwe adalimbikira nkhaniyi ndi Gloria Majiga-Kamoto, yemwe adaona kuti mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo, ndipo mu 2021 adalandira mphotho ya dziko lonse lapansi ya Goldman chifukwa cha ntchitoyo. Koma chigamulo chija sichidathetse nkhani. Makampani ena adabwereranso kukhoti kukatenga ziletso zina, moti chaka cha 2025 chidafika nkhaniyo ikukokedwabe. Dziko la Rwanda lidaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019, ndipo malonda m'maiko amenewo sadayime.

Dandaulo la ntchito silopepuka, munthu wogwira ntchito m'fakitale ya majumbo nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Koma taonani amene adakhala akulipira pa zaka khumi zomwe maloya adakhala akukangana. Pitani ku Ndirande, ku Mtandire kapena pamsika uliwonse mvula yoyamba ikagwa. Ngalande zatsekeka ndi majumbo, madzi onyansa asefukira m'njira momwe ana amasewera, ena alowa m'zitsime zosatetezedwa. Kajumbo kokodwa pachitsamba kapena botolo lotayidwa kuseri kwa nyumba zimasunga timadzi tomwe udzudzu umaswana. Mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700 udali ndi zifukwa zambiri, ndipo sindikunena kuti udabwera ndi majumbo. Koma aliyense amene adayenda khomo ndi khomo kugawa klorini nthawi imeneyo akudziwa kuti pomwe madzi oyipa sakupeza njira, matenda sachedwa kupeza yawo.

Palinso utsi. M'makomo ambiri mbaula timayatsira jumbo, ndipo zinyalala timaziwotcha madzulo ana ali pomwepo. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni wopweteka mapapo, ndipo mwana wa mphumu ndiye amayamba kuumva.

Nkhani ziwirizi zikaikidwa pamodzi, ine ndimaona chinthu chimodzi. Eni fakitale ya shuga si angelo, ndipo eni fakitale ya majumbo si mfiti. Onse ndi amalonda. Kusiyana kwake n'kwakuti ku shuga boma, mabungwe othandiza ndi kampani adagwirizana, lamulo n'kukhazikika, woyeza n'kumayeza, pomwe ku majumbo lamulo lidakhala papepala, ndipo ife ogula tidapitiriza kutambasula dzanja kulandira kajumbo ngakhale tagula tomato wa mulu umodzi. Kampani imachita chabwino chokhalitsa pomwe lamulo likuluma ndiponso pomwe wogula akufunsa. Ikasiyidwa yokha, imasankha chotsika mtengo kwa iyo, zotsalazo n'kugwera inu ndi chipatala cha kwanu. Ndiye kampani yomwe katundu wake akutseka ngalande ikabwera ndi mabulangete, landirani, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Inu mavolontiya a zaumoyo ndi amayi otsogolera magulu m'midzi, muli ndi mwayi womwe woyeza wa boma alibe, chifukwa mumalowa mpaka kukhitchini. Mukamacheza ndi banja, pemphani kuona paketi ya shuga, ya mchere ndi botolo la mafuta. Pakhale chizindikiro cha MBS ndi mawu osonyeza kuti muli vitamini A kapena ayodini. Shuga ndi mafuta zolowa m'dziko mozemba, zogulitsidwa m'matumba ndi m'zigubu zopanda dzina, palibe angakutsimikizireni zomwe zili m'kati mwake. Mchere uzisungidwa m'chotengera chotseka bwino, kutali ndi moto ndi chinyezi, chifukwa ayodini amauluka. Mukaona golosale yadzaza ndi katundu wokayikitsa, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.

Chovuta kwambiri ndi mafuta a m'timachubu. Ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse botolo lathunthu, ndipo kachubu ndi komwe kamapulumutsa ndiwo za tsikulo. Koma vitamini A amawonongeka ndi kuwala kwa dzuwa. Mafuta omwe akhala tsiku lonse pabenchi padzuwa, m'kapulasitiki koonekera m'kati, amakhala atataya gawo la vitamini yemwe fakitale idathira, ndipo kapulasitikiko mawa lake mukakapeza m'ngalande. Wogulitsayo nayenso ndi wabizinesi, ngakhale alibe suti kapena cheke chojambulitsa. Mumamudziwa, mwina mumapemphera naye tchalitchi kapena mzikiti umodzi. Muuzeni asunthire mafutawo pamthunzi ndi kuphimba chigubu chake, ndipo inu popita kukagula tengani kabotolo kanu kotsuka bwino ndi kouma kuti akuthirireni momwemo, ndi dengu kapena chitenje chomangira zotsalazo.