Kalata kwa a Dean: makiyi a malikisi ali ndi ndani?

Wolemekezeka a Dean,

Semesita ikamatha, malikisi a ophunzira mazanamazana amayenda njira imene palibe anaikonza. Amachoka pa pepala la mayeso n'kulowa mu laputopu ya mphunzitsi, yogula yekha, yomwenso madzulo ana amaonerapo makatuni. Kuchoka apo amapita kwa a sekilitale pa fulashi, ndipo fulashiyo ikakana kutseguka, fayilo imaponyedwa pa WhatsApp. Pofika tsiku lovomereza zotsatira, phunziro limodzi limakhala ndi mafayilo angapo, aliyense akulumbira kuti yakeyo ndiyo yomaliza.

Chizolowezichi chinakhazikika m'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19. Aphunzitsi anapulumutsa maphunziro ndi chilichonse chimene chinali pafupi, ndipo anachita bwino. Mliri unatha, koma njira zachidule zija zinatsala.

Mlembi wa kalatayi sakulira kuchepa kwa makompyuta, ngakhale ndi ochepadi. Chikumusowetsa tulo ndi funso limodzi: zikasokonekera, woyankha ndani? A ku ofesi ya ICT amati awo ndi netiweki ndi seva basi, za malikisi n'za eni nthambi. Aphunzitsi nawo amati chilichonse chokhala ndi chingwe n'cha a ICT. Pakati pa mayankho awiriwa pali kompyuta ya dipatimenti yomwe pasiwedi yake inalembedwa pa kapepala n'kumatidwa pansi pa kiyibodi. Palinso akaunti ya mphunzitsi amene anapuma ntchito kalekale, koma ikutsegukabe. Munthu atasintha 38 kukhala 83 usiku, palibe buku kapena makina amene angamutchule dzina. Wolangika ndi mwana amene anakhoza ndi thukuta lake, poti digiri ikayamba kukayikiridwa, olemba ntchito sasankha kuti uyu ndiye wachilungamo.

A Dean akukumbukira za moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015. Mabuku ena anasonkhedwa ndi akufuna kwabwino, koma zimene zinalipo kope limodzi lokha zinapita. Kafukufuku wa ophunzira a masitazi amene akugona pa hadi disiki imodzi m'kabati ali pa chiopsezo chomwecho, ndipo iye safuna moto: magetsi kuthima ndi kuyaka mwadzidzidzi n'kokwanira. Akukumbukiranso kuti mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina osindikizira mapasipoti n'kumafuna dipo. Anthu anakhala masabata angapo osalandira mapasipoti. Ngati zinagwera nthambi ya boma, nanji kompyuta ya pa kona yomwe aliyense amabayapo fulashi?

Tsopano palinso nkhani ya malamulo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa bungwe la MACRA mphamvu yoyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Manambala a ziphaso, makalata a kuchipatala opempha kulemba mayeso mochedwa, mayina a olephera kulipira fizi, zonsezi n'za eni ake, si zoponya pa gulu la WhatsApp.

Chofunika choyamba sichilira bajeti. A Dean asankhe munthu mmodzi, wodziwika dzina, woti aziyankha pa nkhanizi ku bodi ya nthambi semesita iliyonse, atakhala pamodzi ndi a ICT komanso woimira ophunzira. Pakhale tsamba limodzi lonena poyera amene angalowetse malikisi, amene angawasinthe, ndi amene ayenera kusayinira kusinthako. Wochoka ntchito azibweza akaunti tsiku lomwe akubweza makiyi a ofesi. Ndipo kope losungira lisamangotchulidwa m'maminitsi: liyesedwe pamaso pa anthu ngati likutsegukadi.

Chonde a Dean, nkhaniyi ilowe pa ajenda ya msonkhano wa bodi ukubwerawu, mayeso asanayambe.

Ine wawo pa ntchito,
Mphunzitsi wa m'nthambi yawo