Manja Aluso Nawonso Ayenera Mphotho ya Boma



Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'maparishi mwathu mumamveka nthungululu. Amene asankhidwa kupita ku yunivesite timawatchula maina pa zolengeza za Misa, timawaombera m'manja, ndipo n'koyenera kutero. Koma mnyamata amene wapambana anzake onse pa maphunziro a zamagetsi, kapena mtsikana amene watsogola pa kuwotcherera zitsulo, dzina lake silimveka. Sabata ino ndifuna tilingalire za iwowa. Maganizo anga ndi akuti boma liyenera kupereka thandizo la ndalama losabweza kwa ophunzira ntchito zamanja amene achita bwino koposa, ndipo ife a Mpingo tiyenera kukhala oyamba kulipempha thandizolo.

Tiyambe ndi zimene zilipo kale. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda. Olemba anthu ntchito amapereka ku thumba la maphunzirowa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo ndalamayi imatoleredwa ndi MRA. Tili ndi makoleji akalekale monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. M'chaka chomwecho cha 2015 munabadwanso bungwe loona za ngongole ndi thandizo kwa ophunzira a maphunziro apamwamba. Tsono maziko alipo. Chimene chikusowa ndi mtima wovomereza kuti mmisiri wopambana ndi wophunzira wopambana, osati munthu amene wangothawira kumeneko atalephera kwina.

Makolo athu ankati ukaipa dziwa nyimbo. Mwambiwu ndi wabwino, koma ambiri tausandutsa chitonzo. Timaona luso la manja ngati nyimbo ya munthu amene sukulu yamukana. Kodi Buku Loyera limatero? M'buku la Eksodo, mutu 31, Mulungu mwini wake anatchula Bezalele ndi dzina, namudzaza ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito ya golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa pomanga chihema. Mzimu yemweyo amene ankayankhula mwa aneneri ndiye anatsogolera manja a mmisiriyo. Anthu a ku Nazarete ankamudziwa Ambuye Yezu ngati mmisiri wa matabwa, ndipo Paulo Woyera ali ku Korinto ankadzidyetsa posoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila. Si mwangozi kuti mu 1955 Papa Pius XII anaika tsiku la 1 May kukhala chaka cha Yosefe Woyera Wantchito. Papa Yohane Paulo Wachiwiri nayenso, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu amene akuigwira, osati ku mtundu wa ntchitoyo.

Wina angafunse kuti: bwanji osangowabwereka ngongole? Yankho lili m'moyo wa mmisiri akamaliza maphunziro. Iye kawirikawiri sayembekezera kalata yomuitana ku ofesi. Amayenera kudzilemba yekha ntchito. Kalipentala wopanda sowo, pulena ndi tchizulo ali ngati mlimi wopanda khasu. Telala afunika makina osokera, wowotcherera afunika makina ake ndi malo ofika magetsi. Tikamusenzetsa ngongole asanagule n'chida chimodzi chomwe, tamumanga miyendo mpikisano usanayambe. Ambiri otere amathera pa ganyu wa tsiku ndi tsiku, ena amakwera basi ya ku Johannesburg, ndipo luso limene dziko lathu linalipirira limakamanga nyumba za eni. Thandizo loyenera likhale la magawo awiri: fizi yopitirizira maphunziro mpaka pa dipuloma kapena kupyola apo, ndi bokosi la zida pa tsiku lomaliza sukulu.

Ubwino wake sugwera wolandirayo yekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Maofesi a boma ndi makampani sangameze khamu lonseli. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, akukamba za mafakitale ndi mizinda yamakono. Koma fakitale imayenda ndi manja a wodziwa kukonza makina, ndipo mzinda umamangidwa ndi wodziwa kuyala njerwa mowongoka. Namondwe wa Freddy atawononga nyumba, misewu ndi milatho m'chigawo cha kumwera mu March 2023, funso limene linatsala misozi itauma linali lakuti: adzamanganso ndani, ndipo adzamanga molimba bwanji? Mmisiri waluso akapatsidwa poyambira, posachedwa amatenga achinyamata ena awiri kapena atatu n'kuwaphunzitsa. Kupatsa n'kuika.

Pali dandaulo lina lomveka ndithu, ndipo tisalithawe. Mphotho ya ochita bwino nthawi zambiri imagwera amene anayamba kale ali pabwino: mwana amene amadya m'mawa, wokhala pafupi ndi sukulu, amene bambo ake ali kale ndi shopu ya matabwa. Wamasiye wochokera kumudzi, amene amaphunzira ndi njala, akhoza kutsalira pang'ono pa mayeso ngakhale luso lake liri lalikulu. Mpingo umatiphunzitsa kuyamba ndi osauka, choncho mphotho yongoyang'ana malikisi ingakhale yopereŵera. Koma mankhwala a vutoli si kuthetsa mphotho. Mankhwala ake ndi kuika miyeso iwiri pamodzi: luso ndi kusowa. Luso liyesedwe pa ntchito yooneka ndi maso, monga chitseko chotsekeka bwino kapena khoma loima chilili, osati pa pepala lokha. Mwa aluso amenewo, osowa ayambe kulandira. Atsikana amene alimba mtima kulowa ntchito za umakaniko, zomangamanga ndi zamagetsi, komanso achinyamata olumala, asungiridwe malo awo.

Chachiwiri choyenera kusamala ndi chilungamo pogawa. Paliponse pamene pali ndalama za boma, mayesero a kukondera ndi katangale sakhala patali. Mfundo zosankhira zilengezedwe poyera mpikisano usanayambe, oyesa ntchito akhale amisiri odziwika ochokera kunja kwa kolejiyo, ndipo maina a opambana aikidwe pamene aliyense angawaŵerenge. Wolandira nayenso alonjeze kuti adzaphunzitsa wachinyamata mmodzi kwaulere. Fanizo la matalente pa Mateyo 25 limatikumbutsa kuti chimene tapatsidwa tidzafunsidwa nacho.

Mpingo si mlendo pa nkhaniyi. Yohane Bosco Woyera, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1815 mpaka 1888, anaona anyamata osauka akuzunzika m'mashopu a mumzinda wa Turin. Sanangowapempherera chabe. Mu 1852 anasaina pangano ndi mmisiri wina wa matabwa lonena za malipiro a mnyamata wophunzira ntchito, masiku ake opuma, ndi kuti azidzudzulidwa ndi mawu osati ndi ndodo. Mu 1853 anatsegula yekha malo ophunzitsira kusoka nsapato ndi zovala. Ana ake auzimu, a Salesian, akupitiriza ntchitoyi pa sukulu ya Don Bosco ku Area 23 mu Lilongwe. Ngati wansembe mmodzi wosauka anatha kutero, boma lokhala ndi thumba lapadera la maphunzirowa lingalephere bwanji?

Nanga ife tichitepo chiyani sabata ino? Poyamba, tisinthe kayankhulidwe. Mnzathu akasankhidwa kupita ku Soche kapena ku Namitete, dzina lake limveke pa zolengeza monga la wopita ku yunivesite. Kachiwiri, parishi ikafuna mabenchi, mawindo kapena mayunifolomu a kwaya, tiyambe tafunsa amisiri achinyamata a m'miphakati mwathu, ndipo tiwalipire mtengo woyenera osati kuwauza kuti agwirire Mulungu. Kachitatu, gulu lathu la achinyamata, mothandizana ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, lilembe kalata kwa phungu ndi khansala wa dera lino yopempha thandizo lotere kwa ophunzira ntchito zamanja opambana. Mutu umodzi susenza denga, koma maparishi ambiri akayankhula chimodzi, mawu amafika patali.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, mutipempherere ife ndi atsogoleri a dziko lathu, kuti manja aluso asakhale opanda zida, ndi kuti tizilemekeza ntchito iliyonse yoona. Amen.

Mukhale ndi sabata yodala.