KODI BELU LA GASI LILI PATI?

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za kumidzi,

Ndalemba mawu ano ndili ku Area 36 kuno ku Lilongwe, kumene ana anu ambiri amafikira pofuna ntchito. Ena amalawirira ku mafakitale a ku Kanengo, ena ali m'magalaja owotcherera zitsulo, ndipo ena tsopano akudzaza gasi wophikira m'masilinda, pakuti makala akwera mtengo. Nkhani yanga ndi ya kachipangizo kamene kamanunkhiza gasi ndi kuliza belu moto usanabuke. Ambiri a inu simunakaonepo, koma moyo wa mwana wanu ungadalire malo amene akakhomera.

Akuluakulu amene anayenda ku Rhodesia akukumbukira Wankie, kumene lero akuti Hwange. Pa 6 June 1972, m'mgodi wa malasha wa Nambala 2 pa Kamandama, mpweya wa methane unayaka, nuyatsa fumbi la malasha, ndipo mgodi unaphulika. Anafa anthu 427, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu pamodzi ndi a ku Zambia ndi Mozambique. Mitembo yambiri sinatuluke. Mgodiwo anautseka, ndipo ndiwo manda awo kufikira lero. Methane alibe fungo, ndiye munthu sangamumve ndi mphuno yake. Akachuluka kufika magawo 5 mpaka 15 pa 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono kokha n'kokwanira.

Tsono tamverani bwino apa, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Methane ndi wopepuka, amakwera nakaunjikana kudenga, choncho chipangizo chake chiyenera kukhala m'mwamba. Koma gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akatuluka amayenda pansi ngati madzi, nalowa m'ngalande ndi m'maenje, nakhala chete. Iyeyu amayaka atangofika magawo 2 okha pa 100. Chipangizo chake chikhale m'munsi, monga phazi limodzi kuchokera pansi, pafupi ndi mavavu ndi polumikizira mapaipi, osati pakhomo kapena pazenera pamene mphepo imamwaza gasi asanafike pa icho.

Mwezi watha ndinakacheza kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mu Sitandade 8, yemwe akugwira ntchito pamalo ena odzazira gasi. Anandionetsa belu lawo monyada, ndipo ndithu linali latsopano ndi lokongola. Koma analikhomera kumwamba pafupi ndi wotchi! Nditafunsa chifukwa chake anati, "Aphunzitsi, abwana anati pansi tiliponda, mwinanso akuba alizula." Ine ndinamuuza kuti gasi adzadzaza chipinda chonse kufika m'khosi mwake belu lisanalire. Anaseka pang'ono, kenaka anangoti chete. Iyeyu ndiye amatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi ake chaka ndi chaka.

Wina anena kuti, "Nanga si gasi wophikira amanunkha?" Zoona, opanga ake amathiramo fungo dala. Koma munthu wokhala m'fungo tsiku lonse mphuno yake imazolowera, ndipo usiku, mlonda ali panja, palibe wonunkhiza. Winanso ati zipangizozi n'zodula, eni malo ang'onoang'ono sangakwanitse. Ndikuwamvera chisoni, koma amene wakwanitsa kugula thanki la gasi sangalephere kugula belu. Ndiponso kulitsitsa kuchoka kudenga kumangofuna misomali iwiri.

Chipangizochi chimakalambanso. Fumbi, utoto ndi mankhwala ena zimachigonthetsa mphuno, nyali yake n'kumawalabe ngati chili bwino. N'chifukwa chake amisiri amachiyesa pochipopera gasi wodziwika muyeso wake, kuti aone ngati chilira. Kawirikawiri amachitchera kuti chilire gasi akangofika gawo limodzi mwa magawo khumi kapena asanu a muyeso woyakira uja, kuti anthu apeze nthawi yotseka vavu ndi kutuluka. Belu likalira, munthu asakhudze swichi ya magetsi, asalize galimoto, asayatse fodya. Koma chimene chimandiwawa mtima ndi ichi: anyamata athu amaopa kapitawo kuposa moto. Belu likasokosa amalizimitsa kuti ntchito isaime, poopa kudulidwa malipiro. Lamulo la dziko lino la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito linaika udindo woteteza antchito pa olemba ntchito. Si mphatso ayi, ndipo mwana wanu sapalamula mlandu pofunsa.

Choncho ndikupempha apampando ndi alembi anzanga kuti pa msonkhano wa mwezi uno muwerenge kalatayi mokweza, chifukwa si onse amatha kuwerenga. Kholo lililonse limene lili ndi mwana wogwira ntchito ya gasi, mafuta kapena malasha limuimbire foni ndi kumufunsa kuti belu lili pati, analiyesa liti, ndipo likalira ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Mayankhowo mutumize kwa ine, ndipo komiti yathu idzawatengera ku ofesi ya zantchito kuno ku Lilongwe. Kwa mnyamata wanga uja ndibwererako Loweruka, nditanyamula hamala.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi,
Area 36, Lilongwe.