Pempho kwa Makolo, Makochi ndi Osewera: Mpira wa Ana Ukhale wa Ana

Kwa makolo anzathu, aphunzitsi, makochi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi inu ana athu amene mumavala majezi,

Amene tikulemba pempholi ndife gulu la makolo, aphunzitsi a zamasewero ndi oyimbira mpira omwe timakumana m'mabwalo a sukulu Loweruka ndi Lamlungu masana. Ena mwa ife timachapa majezi, ena timathira phulusa m'mizere ya bwalo m'mawa masewero asanayambe, ena timatunga madzi oti ana amwe pa nthawi yopumulira. Takhala tikuona zinthu zomwe sitingathenso kuzisunga mumtima. Masewero a ana akuwonongeka, ndipo owononga ake ndife akuluakulu.

Tiyambe ndi nkhani yomwe aliyense amaidziwa koma amaiseka: kubera zaka.

Mpikisano ndi wa ana osapitirira zaka 14. Matimu awiri andanda pakati pa bwalo. Kumbali ina kuli tiana ta miyendo yowonda, majezi akufika m'mawondo. Kumbali inayo kuli anyamata atatu amene ameta ndevu m'mawa womwewo, mawu ali besi, akatumba ali mbee. Ochemerera akuseka, wina akufuula kuti, "Madala awo akalipire ana fizi!" Kochi wa timuyo akutulutsa pepala lomwe lili ndi chidindo cha sukulu, ndipo pa pepalapo mnyamata aliyense ali ndi zaka 13. Woyimbira akuyang'ana pepala, akuyang'ana anyamatawo, kenako akuliza wezulo. Pabwalo ponse palibe amene wapusitsidwa. Chomwe chachitika n'chakuti akuluakulu angapo agwirizana kunama ana akuona: amene adalemba pepala, amene adadinda, kholo lomwe lidangokhala chete, ndi ife tonse amene tidaseka.

Amalawife tili ndi chifukwa chapadera chodana ndi khalidweli. Mu 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 womwe udachitikira ku Algeria, timu ya Niger idachotsedwa itapezeka ndi mlandu wa zaka, ndipo malo ake mu ndime ya matimu anayi adatenga anyamata athu. Umu ndi momwe Malawi idapitira ku World Cup ya zaka zimenezi ku Nigeria chaka chomwecho. Bodza la anzathu lidatsala pang'ono kuwalanda anyamata athu mwayi umenewo. Ndi pa mpikisano womwewo wa ku Nigeria pomwe bungwe la FIFA lidayamba kugwiritsa ntchito makina a MRI pounika mafupa a pamkono, chifukwa mwana akamakula mafupa amenewa amakhala asanagwirane kwathunthu, ndipo akagwirana chimakhala chizindikiro chakuti munthuyo wakula. Mu 2020, matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe adabwezedwa pa mpikisano wa COSAFA wa osapitirira zaka 17 ku South Africa atalephera kuyezedwa kumeneku. Pokonzekera masewero a mu 2023, Cameroon nayo idachotsa anyamata 21 mwa 30 amene idawaitana, chitaganya chawo chikutsogoleredwa ndi Samuel Eto'o. Pepala lachidindo limagwira ntchito pa bwalo la kumudzi, koma mwana akakwera kufika pamwamba, fupa lake limamuulula, ndipo manyazi amagwera iyeyo, osati kochi amene adamulembera zaka.

Koma tisathamangire kutali. Kuipa kwa kubera zaka kumaoneka pomwepo, tsiku lomwelo. Mwana weniweni wa zaka 13, amene wakhala akubwera ku maphunziro a mpira tsiku lililonse, amakhala pa benchi chifukwa malo ake atenga waganyu wochokera mudzi wina. Akakhala pa benchi miyezi itatu amasiya, ndipo sitidzadziwa kuti akadakhala wosewera wotani. Amene walowa m'bwalo amagundana ndi munthu womuposa thupi kawiri. Mwendo ukathyoka, chikho chimapita ku ofesi ya ahedi, koma kuchipatala amagonera mayi ake a mwanayo. Ngakhale wamkulu wobisidwa uja sapindula. Amazolowera kugoletsa pokankha tiana, luso lake silikula, ndipo akadzakumana ndi amsinkhu wake amapezeka kuti alibe chilichonse.

Tikudziwa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina. M'sukulu zathu zambiri muli ana a zaka 16 kapena 17 amene akadali mu Sitandade 7, ena chifukwa adayamba mochedwa, ena chifukwa chobwereza. Amenewa si akuba, ndipo nawonso amafuna kusewera. Sitikupempha kuti athamangitsidwe pabwalo. Tikupempha okonza mipikisano kuti awapatse gulu lawo, kuti asamakakamizike kudzichepetsa zaka pofuna kuvala jezi ya sukulu yawo. Pa mpikisano uliwonse wa zaka, mwana abwere ndi chiphaso cha kubadwa kapena khadi lake la kusikelo, ndipo zaka zake zifanane ndi zomwe zili m'kaundula wa sukulu. Mapepalawa aonedwe ndi matimu onse awiri masewero asanayambe, osati chigoli chitalowa kale. Ahedi, dzina lanu ndi chidindo chanu ndi zolemera, musazibwereketse.

Tsopano kwa ife makolo amene timaima m'mbali mwa bwalo.

Timve mawu amene amatuluka m'kamwa mwathu. "Mthyole ameneyo!" "Refa wadya!" "Iwe ndiwe mbuzi, tuluka!" Amene tikumuuza kuti athyoledwe ndi mwana wa mnzathu wopemphera naye, wa zaka 12. Amene tikumunena kuti wadya nthawi zambiri ndi mphunzitsi kapena mnyamata wa ku sekondale amene wadzipereka kuyimbira popanda malipiro, alibe womuthandiza kunyamula mbendera, ndipo akuyenera kuona ofusayidi ali pakati pa bwalo, fumbi lili koboo. Adzalakwitsa. Oyimbira a mu ligi yaikulu amalakwitsa, nanga iyeyu? Tikamuthamangitsa ndi miyala lero, sabata yamawa sabweranso, ndipo wezulo amagwira munthu wa timu imodzi. Apo ndiye ndewu imayambira masewero asanayambe.

Pempho lathu ndi lapafupi. Imani kunja kwa mzere. Kumene kulibe mpanda, timange chingwe. Munthu wamkulu asalowe m'bwalo pokhapokha woyimbira atamuitana. Kumbuyo kwa golo kusamakhale gulu lotukwana goloboyi. Amene wamwa mowa akaonere kunyumba. Ndipo malangizo tisiyire kochi, chifukwa mwana amene akumva kochi akuti "patsira," bambo ake akuti "menya," amalume akuti "bwerera," amangoima n'kulandidwa mpira, kenako tonse timamukalipira.

Za khini tingonena mwachidule. Kutuma mwana kukakwirira zinthu pagolo usiku, kumuletsa kupereka moni kwa anzake a timu ina, kumudzoza zosadziwika m'miyendo, zonsezi zimamuphunzitsa kuti kulimbikira n'kopanda ntchito. Zisiyeni.

Palinso makolo amene sabwera n'komwe, ndipo ndi ambiri kuposa aphokoso aja. Mwana amasewera zaka zitatu, kholo silidziwa dzina la kochi, silidziwa kuti ana akupita kuti pa lole ija, abwera nthawi yanji. Bwerani ngakhale kamodzi pa mwezi. Mwana akafika kunyumba timu yake itagonja, mupatseni madzi osamba ndi chakudya. Za penate yomwe waphonya akuzidziwa kale.

Nkhani ya atsikana tiikhalire pansi pang'ono. Dziko lonse lidavina mu 2023 pomwe ma Scorchers adatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia. Timanyadira Tabitha Chawinga, amene adagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan, ndi mng'ono wake Temwa, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America mu 2024. Timanyadira Mwawi Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Komatu Tabitha yemweyo adafotokoza poyera kuti ali wamng'ono adakakamizidwa kuvula pa masewero chifukwa a timu ina ankati ndi mnyamata. Amene adachita zimenezo adali anthu ngati ife, pa bwalo ngati lathuli. Khalidwe limeneli ndi nkhanza, ndipo palibe mpikisano, chikho kapena dandaulo lomwe lingalilungamitse. Amene ali ndi chikaiko alembe dandaulo kwa okonza mpikisano. Mwana asakhudzidwe, asazunguliridwe, asaimbidwe nyimbo zonyoza thupi lake. Kunyumbako, mtsikana amene akufuna kusewera asamapatsidwe ntchito zonse za madzulo pomwe mlongo wake wanyamula nsapato kupita kubwalo.

Kwa inu makochi. Ambiri mwa inu simulandira kanthu. Mumagula mpira ndi ndalama za m'thumba mwanu, mumasoka nokha maneti, mumaperekeza ana mpaka pakhomo kukada. Tikukuthokozani, ndipo n'chifukwa chake tikulankhula nanu mosabisa mawu. Mwana amakhulupirira kochi kuposa momwe amakhulupirira akulu ena ambiri, ndiye mphamvu zimenezo muzizigwira mosamala.

Musamenye mwana, musamugwaditse padzuwa chifukwa waphonya chigoli. Aliyense amene wavala jezi alowe m'bwalo, ngakhale kwa mphindi khumi. Mwana sangaphunzire mpira pa benchi. Mwana akagundidwa m'mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kapena kuyankha zosagwirizana ndi funso, kumuthira madzi kumutu n'kumubweza m'bwalo ndi kuika moyo wake pachiswe. Atuluke, asasewerenso tsiku limenelo, ndipo apite kuchipatala ngakhale iye mwini akulira kuti ali bwino. Wotuluka magazi atuluke kaye mpaka bala litamangidwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, masewero a ana asaikidwe dzuwa lili paliwombo, ndipo madzi akumwa akhalepo ambiri. M'dzinja, mabingu akayamba kugunda, imitsani masewero, ana alowe m'kalasi. Pansi pa mtengo si pothawira mphenzi.

Pa maulendo, timu ya atsikana isanyamuke popanda mayi wamkulu wodziwika kwa makolo. Kochi asaitanire mwana kunyumba kwake yekha, asamutumizire mauthenga a pafoni usiku, asagone chipinda chimodzi ndi osewera. Kochi wabwino sataya kanthu ndi malamulo amenewa. Amamuteteza ku mabodza. Malamulo a dziko lino, kuyambira pomwe adasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mawu oti "adagwirizana okha" alibe malo pamenepa.

Chenjeraninso ndi anthu obwera ndi malonjezo a ku Ulaya kapena ku Joni, ofuna kuti kholo ligulitse mbuzi kapena munda kuti mwana akayesedwe kunja. Malamulo a FIFA saloleza kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Munthu wotere akabwera, funsani ku bungwe loyendetsa mpira la FAM musanatulutse tambala.

Ana athu, inunso tili nanu mawu, koma ochepa. Munthu wamkulu akakuuzani kuti munene zaka zomwe si zanu, kapena kuti musewere ndi dzina la mnzanu, muli ndi ufulu wokana. Mnzanu wa timu ina akagwa, mudzutseni. Woyimbira akaliza wezulo, wolankhula naye ndi kaputeni yekha, mwaulemu. Masewero akatha gwiranani chanza, kaya mwapambana kaya mwagonja. Chamba ndi mowa siziwonjezera mphamvu, ndipo kubetcha si kwa ana. Musajombe kusukulu chifukwa cha mpira: mwa ana onse amene akuthamanga m'mabwalo lero, odzadya za mpira ndi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale iwowo adzafunika kuwerenga kontirakiti asanasaine.

Kwa aphungu, makhansala ndi amalonda amene mumakhazikitsa zikho ndi mabonanza: thandizo lanu timalifuna. Koma taona kuti ndalama zikaunjikidwa pa timu yopambana yokha, aganyu amachuluka ndipo ndewu sizisowa. Pa mipikisano ya ana, gawani mphoto mwa mipira, majezi, maneti ndi kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba ku timu iliyonse yomwe yatenga nawo mbali. Ikanipo kangachepe ka oyimbira. Ana asavekedwe makaka a chipani, ndipo asadikire padzuwa maola atatu kuti mlendo wolemekezeka afike.

Ife tayamba ndi mabwalo omwe timafikako. Pa masewero aliwonse padzakhala makolo awiri, mmodzi wochokera ku timu iliyonse, oona mapepala a zaka pamodzi ndi woyimbira, ndiponso oletsa anthu kudumpha chingwe. Tikupempha makomiti a sukulu, amayi a mother group ndi mafumu kuti akhazikitse zomwezi kwawo, ndipo pempholi liwerengedwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu ino isanathe. Amene waona mwana akuchitidwa nkhanza pa masewero kapena pa ulendo wa timu akanene kwa ahedi, kwa amfumu, kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana angathe kuimba yekha.

Ndife anzanu,
Makolo, aphunzitsi a zamasewero ndi oyimbira mpira wa ana